Manda Oyamba a Pathanki

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinachoka kwathu ku Zemba, ku Chadiza, kutsatira atate amene ankagwira ntchito yokonza njanji. Tinayenda pa lole, fumbi mpaka m'mano. Kumene tinakafika sikunali tauni monga ndinkaganizira. Panali thanki yaikulu yomwetsera sitima madzi, mulu wa malasha, kanyumba ka bwana wa siteshoni ndi timizere ta nyumba za antchito. Anthu ankangoti Pathanki. Panalibe amene ankati pano m'pakwathu. Aliyense ankati akangogula njinga abwerera kumudzi. Ngakhale manda panalibe.

Ine ndinkakhalitsa pasiteshoni kuposa pakhomo, moti amayi ankati ndidzakwatiwa ndi sitima. Tsiku lina masana sitima yochokera kumigodi inatsitsa bambo wina wodwala, wowonda ngati bango. Anamugoneka pamthunzi wa thanki, sitima n'kupitirira. Ndinamutungira madzi m'chikho. Atamva kayankhulidwe kanga anatsegula maso.

"Mwana iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Zemba."

"Aa, pafupi. Ine ndine Mbewe, wa kwa Zingalume. Ndimati ndikafere kwathu, koma kwatalika."

Dzuwa lisanalowe anali atamwalira. Bwana wa siteshoni anati mtembo wopanda mwini aukweza sitima ya katundu, akaidi akaukwirire kutauni. Amuna anangozyolika. Sikuti ankaopa khasu ayi. Kwathu adzukulu, amene amasambitsa mtembo ndi kukumba manda, sayamba okha. Amapemphedwa ndi eni maliro. Nanga apa wowapempha anali ndani?

Ndinathamangira kunyumba n'kuwauza amayi zonse zimene bambo uja anandiuza. Anasiya musi mumtondo.

"Wati Mbewe?"

Amayi anali a Nambewe. Anamanga nsalu m'chiuno n'kuyamba kulira kuchokera pakhomo mpaka pathanki: "Mlongo wanga ine! Mlongo wanga!" Atate anawatsatira akunong'ona kuti, "Anambewe, munthuyutu simukumudziwa." Amayi anawayang'ana misozi ili mbwee. "Mfunda wake ndaudziwa. Pitani mukapemphe adzukulu."

Atate anapita khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja. Oyamba kutenga mapiki anali Abemba, amene timatonzana nawo ngakhale pamaliro. Ankakumba uku akutiseka kuti ife a kum'mawa timangodziwa kukumba mbewa. Bwana uja ataona kuti mwini wapezeka, sanalimbane nafe. Amayi anapereka mphasa yawo yatsopano kuti akulungire mlongo wawoyo, ndipo m'mawa mwake tinamuika patsinde pa mtengo wa msuku, kutsidya kwa njanji, tikuimba nyimbo za kutchalitchi.

Mwambo wa kumeta utafika, lumo linadutsanso pamutu panga, poti womwalirayo tsopano anali amalume anga. Ndinalira mpaka anthu anandimvera chisoni kuti mwanayu ankawakonda amalume ake. Zoona zake n'zakuti ndinkalirira tsitsi langa.

Lero Pathanki sitima siziimanso. Thanki inachita dzimbiri, pamene panali malasha ana amasewerapo mpira, ndipo amayi ogulitsa tomato anasamukira kumsewu waukulu. Alendo amafunsa kuti anthufe tikudikira chiyani pamalo ouma chonchi. Ine ndimawalozera kutsidya kwa njanji, kumene manda afika mpaka kudambo: Achewa, Abemba, Atonga, onse pamodzi. Ndimanyada, ndipo sindibisa, kuti oyambirira aja anakumbidwa chifukwa cha mawu amene ine ndinathamanga nawo.

Ndili mwana ndinkaona ngati amayi ananama tsiku lija. Tsopano ndikudziwa kuti njanji inangobweretsa anthu. Mudzi unayamba pamene mmodzi anaimirira n'kunena kuti maliro awa ndi anga. Atate atapuma ntchito anafuna kubwerera ku Zemba, koma amayi anakana, akuti sangasiye mlongo wawo yekha kuchilendo. Lero amayiwo agona pomwepo patsinde pa msuku, pambali pa mlongo amene sanamvepo ngakhale liwu lake.