Loya ndinamupeza, koma kalata ndinali nditaisuta

Inu owerenga, mlandu wanga ndinauwononga ndekha, ndi manja angawa.

Ndinagwira ntchito yosankha fodya zaka zisanu ndi zinayi pa esiteti ina kufupi ndi kwa Santhe. Chaka china, nthawi ya makuponi, ndinapempha kwa akapitawo tsiku limodzi loti ndikagule feteleza wotsika mtengo. Mzere wake unali wosaona kumapeto, moti ndinathako masiku atatu. Pobwerera, anangondipatsa kalata yondichotsa ntchito, osandifunsa n'komwe.

Mtima wanga ndi wapachala, ndikuvomera. Madzulo ake, pamaso pa anzanga, ndinang'amba kalatayo, n'kupichirira chingambwe. Ndinasuta monyada, anzanga akuwomba m'manja. Ndinkadziona ngati mwamuna.

Patapita milungu iwiri, alamu anga, omwe ndi aphunzitsi, anandiuza kuti kuchotsa munthu osamva mbali yake n'kuphwanya lamulo, ndipo kuli maloya a milandu ya apantchito. Abale, chimwemwe chake! M'mamawa ndinapalasa njinga mpaka pa Boma, ndikuimba njira yonse. Pakhonde la khoti anandikumbatira bambo wina wataye, akuti ndi loya. Nditamufunsa za ofesi yake, anayamba kukanda m'mutu, ine n'kumusiya pomwepo. Ku ofesi ya zantchito ndi kumene anandilozera loya weniweni, mayi wodekha wovala magalasi.

Mayiyo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anamenya tebulo. “Bambo, mlandu uwu ndi wowina. Ntchito yanu ikhoza kubwerera!”

Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. M'maganizo ndinali nditafika kale pa esiteti, akapitawo akundipatsa moni wogwada. Tinagwirizana kuti andiimire, ndipo ndinasaina.

“Tsopano ndipatseni kalata ija,” anatero.

Ndinayang'ana pansi. “Mayi, ndinasuta.”

Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anayesetsabe ndithu, n'kulembera eni esiteti. Iwo anayankha kuti sanandichotse, ndinathawa ndekha ntchito, ndipo akapitawo anakana zoti ndinatsanzika. Anzanga owomba m'manja aja anakana kuchitira umboni poopa kuchotsedwa nawonso. Mlandu unathera pomwepo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Inu owerenga, akakuchotsani ntchito, musathamangire kuonetsa ukali. Pepala lililonse likulungeni m'pulasitiki, mukalionetse kwa loya wokhala ndi ofesi, mkwiyo ubwere pambuyo. Ine zaka zisanu ndi zinayi ndinazimaliza ndi ndudu ziwiri, ndipo fodya wake sanali wokoma n'komwe.