Boganivila wa Anganga

Ndikakumbukira anganga, agogo anga aamuna Che Saidi, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi utsi wa nsomba zimene amayi ankawamba kuseri kwa nyumba yathu ku Malindi, ndipo ndimamva ketulo yawo yakale ikugunda pamwala. Kasanu pa tsiku, asanaswali, ankakhala pamwala umenewo n'kupanga udhu, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, ndipo madzi onse ankatsikira patsinde pa boganivila, mtengo waminga umene agogo aakazi anadzala asanamwalire. Kanthambi kake anachita kukapempha ku loji ina ku Nkopola, n'kubwera nako atakakulunga m'nsalu yonyowa.

Mtengowo unakula mpaka kugunda denga, masamba obiriwira ngati a mbatata yakudimba, koma kwa zaka zinayi duwa ngakhale limodzi silinaoneke. Ine Asiyatu ndinali ndi zaka khumi, mwana wamantha woti nkhuku ikachedwa kulowa m'khola ndinkayamba kale kuilira maliro. Ndiye tangoganizani mmene mtima unandithamangira amayi atabwera ndi anganga kuchokera kuchipatala ndi uthenga woti maso awo akuzima, ndipo matendawo si ng'ala yoti angachotse.

Anganga sanadandaule za nyanja kapena za bwato lawo. Anangopapasa masamba aja n'kunena kuti, "Ndikungofuna ndione chimene mayi uja anandisiyira. Ankati maluwa ake ndi ofiira. Kaya ankandinamiza."

Ine ndinaganiza kuti mtengowo ukusowa madzi, nanga chomera chimafunanso chiyani? Ndinayamba kuwonjezera ndowa ziwiri m'mawa uliwonse, ndi manyowa a mbuzi pamwamba. Masamba anangochulukirachulukira.

Tsiku lina Bambo Chikopa, a nyumba yoyandikana nafe amene anagwirapo ntchito yosamalira maluwa ku Nkopola, anaima pampanda pathu. Analowa, anawerama, n'kufinya dothi m'manja.

"Che Saidi, mtengo uwu mwaulera ngati mwana wa bwana. Wakhuta, ndiye maluwa uchitirenji? Umenewu umafuna ludzu. Dulani nsonga izi, kenako muumane madzi mpaka ufote."

"Ngakhale a udhu?" anafunsa anganga.

"Makamaka amenewo. Inu mukaswali kasanu, iwo wamwa kasanu."

Anganga anaseka, koma m'mawa mwake anapempha amalume kuti asunthire mwala uja pansi pa mango. Sichinali chinthu chapafupi kwa munthu amene njira ya kumwalako ankaidziwa ndi mapazi okha.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Mangochi lija loti mchenga umawotcha ngakhale wavala patapata. Masamba anayamba kulendewera, kenako kuyoyoka. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana zinthu ziwiri, nthambi zija ndi maso a anganga, ndipo zonse zinkaipiraipira. Anali atasiya kuzindikira munthu woima pakhomo mpaka atayankhula. Ndinkaopa kuti tiupha mtengowo, iwo n'kulowa mumdima osaona duwa, atataya ngakhale masamba amene ankawapapasa.

Sabata yachitatu ndinalephera kupirira. Lachisanu anganga ali kumzikiti, ndinathira ndowa yodzaza patsinde paja n'kuwazapo mchenga wouma kuti ndibise. Atabwerako anapita kumtengoko monga mwa masiku onse, anavula patapata, n'kukanda dothi ndi chala chakuphazi.

"Asiyatu, mvula yagwa pano pokha?"

Ndinayamba kulira. "Ukufa, anganga. Ukafa muona chiyani?"

Anandifufuza mutu ndi dzanja. "Nanenso ndikuopa, mwanawe. Ndikanyamula ketulo, miyendo imafuna kubwera kuno. Koma wodziwa wanena. Tipirire tonse atatu."

Bambo Chikopa atamva anangopukusa mutu n'kunena kuti tiyambenso kuwerenga masiku. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa masiku amene ndowa yanga inadya anali a maso a anganga, ndipo analibe ambiri otsala.

Chakumapeto kwa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a ku Chowe, ndinaona tinthu tofiira kunsonga za nthambi zopanda masamba. Sindinauze munthu, poopa kuti ndaona zanga. Patatha sabata mtengo wonse unali psuu. Ndinawagwira dzanja anganga dzuwa lili paliwombo n'kuwaimika pafupi. Anayandikitsa nkhope mpaka minga inawakanda patsaya. Kenako anavula chisoti chawo choyera cha kumzikiti, anachiika kuseri kwa nthambi imodzi, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba.

"Sanandinamize mayi uja," anatero. "Ndi ofiira."

Pamene mvula ya chaka chimenecho inkatha, anali atasiya kusiyanitsa usana ndi usiku.

Lero ndili ndi boganivila wanga pakhonde ku Zomba, wochokera ku nthambi ya mtengo womwe uja, ndipo akayamba kufota ndimayenda mozungulira ndowa ngati munthu wosala kudya. Mpaka pano sindidziwa ngati anganga anaonadi maluwa aja, kapena anangofuna kundichotsera mlandu wa ndowa ija. Chisoti chawo ndinasunga. Maluwa akatuluka ndimachiika kuseri kwa nthambi, n'kutsinzina mpaka patsale kampata kakang'ono, kuyesa ngati kufiirako kungadutse.