Amayi pa Mzere wa Mafoni

Ndili kuntchito, koma netiweki yonse yasanduka kamlatho ka matabwa awiri. Mafoni afola ngati anthu, ndipo ine ndikugawa njira. Mavidiyo ndi ngolo zodzaza maungu. Ndikuziimitsa pambali kuti namwino amene akuitana ambulansi awoloke kaye.

Kumapeto kwa mzere ndikuona amayi anga, omwe tinawaika chaka chatha, atafumbata mawu awo ngati mwanapiye.

"Amayi, bwerani kutsogolo, ndakutsegulirani mlatho wonse."

"Iyayi mwanangu, ayambe anzathu ali ndi changuwa. Ine ndangofulasha. Undiimbire ukaweruka."

Akupatuka, ngolo zikudutsa, fumbi likuwaphimba.

Ndadzuka foni ili m'manja, mtima uli myaa. Nambala yawo ikadalimo, sindinaifufute.