Matenda a Faidesi ndi Alendo Ake

Pa nkhani za kutha msinkhu, chikwati ndi uchembere, mu Ndola monse mulibe munthu amene ndingamuvulire chipewa. Ndikunena izi modzichepetsa. N'zoona kuti sindinakwatire, n'zoonanso kuti ku koleji ine ndi maphunziro tinasiyana mwamtendere chaka chisanathe. Koma sukulu ya nkhanizi ndinailowa kale, ku Chifubu, ndili mu giredi sikisi, ndipo mphunzitsi wake anali mphaka.

Dzina lake anali Faidesi. Ndinamutola kuseri kwa msika ndikuchokera kogula makala, ali kanthu kosaposa chibakera. Atate, amene anali telala komanso mkulu wa mpingo wathu wa anthu a kum'mawa, anamuyang'ana monga ankayang'anira nsalu yotchipa, n'kugamula kuti: "Makoswe akundidyera nsalu za makasitomala, ndiye akhale. Koma nyumba ino ndi ya lendi, zipinda ziwiri. Mphaka ndi mmodzi. Tsiku limene adzakhale awiri, onse atuluka." Atate sankabwereza mawu. Kuyambira pamenepo Faidesi ankagona kumapazi kwanga, akununkha phulusa la mbaula, ndipo mtima wanga wonse unali pa iye.

Matenda anayamba mu Okutobala, dzuwa likuliza malata. Ndinabwera kuchokera kusukulu n'kumupeza akugubuduka pa simenti yofiira imene amayi ankaipolisha Loweruka lililonse. Ankalira ndi mawu achilendo, okhuthala, ngati khanda la eni ake. Akaleka kugubuduka ankakwawa chamimba, mbuyo atakweza, mchira ataupatutsira kumbali, miyendo yakumbuyo ikupondaponda ngati atate pa makina. Tinsomba ta kapenta timene ndinamupatsa anakana. Ine ndinaona poyera kuti msana wathyoka.

Ndinathamangira kwa amayi. Anabwera, anayang'ana, kenaka anayang'ana kudenga.

"Gidiyoni, pita ukatunge madzi."

"Migolo ndi yodzaza, amayi."

"Katungenso."

Ndinapita kwa atate pakhonde. Anamvetsera, anatsokomola, napalasa makina mwamphamvu ngati akuthawa nawo. "Funsa amako," anatero.

Loweruka kunabwera azakhali, a Tisauke, mlongo wawo wa atate, amene anali mlangizi wa atsikana kumpingo. Iwo anangoponya diso kamodzi n'kukokera amayi kukhitchini. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, kumene mwana aliyense wa m'nyumba yachikhristu amaphunzirira za moyo.

"Alamu, mwanayu wakula."

"Wakula bwanji? Miyezi isanu yokha! Dzulodzuloli ankayamwa chala changa."

"Ana a masiku ano, alamu. Mungawathe?"

Atatuluka ndinawafunsa ngati Faidesi afa. "Safa," anatero azakhali. "Ndi matenda achizimayi, iwe sizikukukhudza." Ndipo analamula zimene ankalamula kwa namwali aliyense: abindikire m'chipinda, chitseko ndi zenera zitsekedwe, asaone kunja mpaka zitatha. Lero ndikudziwa kuti malangizowo anali olondola kotheratu. Ankangoperewera chiganizo chimodzi chondiuza chifukwa chake, koma chiganizo chimenecho kwathu munthu wamkulu sakanachitulutsa pamaso pa mnyamata, ngakhale mutamuloza ndi mfuti.

Kenaka kunayamba kufika alendo. Woyamba anali mphaka wofiirira wong'ambika khutu, wa kumsika. Kunabwera wakuda, wa chimutu ngati dzungu, kenaka wotuwa wotsimphina. Anakhala pamwamba pa chimbudzi ndi pa mpanda, nkhope zili zii, maso onse pa zenera la wodwala. Dzuwa linkawaotcha koma osasuntha.

Apa ndiyenera kufotokoza mmene ndinaleredwera. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, atate ankanditenga kukazonda odwala, wapansi, Chifubu yense mpaka nsapato kutuwa. M'njira ankandiphunzitsa kuti wodwala amachira ndi nkhope za anzake, ndipo munthu wobweza pakhomo mlendo wodzazonda matenda ndi wachikunja. Choncho nditaona amphaka aja atasiya ntchito zawo kudzakhala padzuwa chifukwa cha mnzawo, misozi inalengeza. Ndinaona kuti ngakhale nyama zili ndi mpingo.

Lamulungu lotsatira masana makolo anapita kukazonda odwala, ine n'kundisiya ndilonde nyumba. Ndinachita zimene mwana wa mkulu wa mpingo ayenera kuchita. Ndinatsegula zenera. Ndinaikanso kapenta m'mbale, poti mlendo sachoka ndi njala. Kenaka ndinakakhala panja pa mtondo, chifukwa akuluakulu akalowa kwa wodwala ana amadikira kunja.

Wofiirira ndiye analowa poyamba. Posakhalitsa Faidesi anakuwa mokweza, mlendo n'kutuluka pazenera ngati mwala, atalandira khofi. Sindinadabwe. Kuseri kwathu kunali tchalitchi chotulutsa ziwanda, ndipo ndinkadziwa kuti matenda aakulu satuluka mwakachetechete. Enawo analowanso, aliyense pa nthawi yake, mwadongosolo.

Pasanapite masiku ambiri Faidesi anachira. Analeka kulira, anayambanso kudya. Ine sindine munthu wobisa ntchito zabwino, choncho ndinalengeza m'mawa wina tikumwa tiyi.

"Faidesi wachira chifukwa anzake anadzamuzonda. Ndinawatsegulira zenera."

Kapu ya atate inaima panjira.

"Angati?" anafunsa amayi ndi mawu aang'ono.

"Atatu."

"Mayo ine!"

"Anakuphunzitsa zimenezo ndani?" anabangula atate.

"Inuyo, atate."

Sanandimenye. Ndikuganiza kuti anafunafuna vesi lomenyera mwana pa mlandu wotere koma sanalipeze. Anangonena kuti mawu awo aja akadalipo.

Miyezi iwiri yotsatira inali yowawa. Mimba ya Faidesi inkakula, palibe ankandiuza chifukwa, koma masamu a mmodzi ndi awiri ndinayamba kuwamva ndekha. Mvula itayamba anaberekera m'katoni ya zidutswa za nsalu za atate. Ana anali anayi: wofiirira, wakuda, wotuwa, ndi wina wofanana ndi make. Mlendo aliyense anasiya moni wake. Atate anati akangoleka kuyamwa, onse asanu apita ku famu ya kasitomala wawo wina, kutali kunjira ya ku Mufulira. Ndinaleka kudya. Ndinkakhala pambali pa katoni ndikumva fungo la mkaka ndi nsalu zonyowa, n'kumaganiza zothawa naye, ngakhale dziko limene ndinkalidziwa linkathera pa siteshoni ya mabasi.

Anandipulumutsa ndi azakhali. Anafika tsiku lina atate akusoka, nakhala pa mpando wa makasitomala.

"Achimwene, mwanayu anafunsa tonse atatu. Anamuyankha ndani?"

"Nkhani zimenezo bambo sakamba ndi mwana wake, Tisauke. Iwenso ukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndiye poti pakamwa panakanika, thumba lilankhule. M'tauni muli dokotala wa ziweto, amatseka amphaka."

Atate anakana, ati sangapereke ndalama za mayunifomu atatu chifukwa cha nyama yotola. Anawo tinawagawira azimayi ogulitsa nshawa, mtedza uja, kumsika. Koma galimoto ya ku famu isanabwere Faidesi anayambiranso kugubuduka, tsiku limene abusa anali m'nyumba mwathu, ndipo anasankha kukwawa pa nsapato zawo. Alendo aja anali atabwerera kale pa chimbudzi. Abusa atachoka, atate anatsegula kabati ya makina natulutsa ndalama osayang'ana munthu.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana. Anati tidikire matendawo aphwe, ndipo tsiku la opaleshoni, akumeta Faidesi pamimba, anandifotokozera zonse m'Chinyanja chosapsatira: chimene chimamuliza, chimene alendo ankafuna, chimene achotse kuti asadzalirenso kapena kubereka. Zimene akuluakulu atatu anazizungulira miyezi yonse ija, iye anazimaliza lumo lisanafike kumapeto. Ndinakumbukira mbale ya kapenta ija, n'kuyang'ana pansi.

Madzulo atate anamutembenuza Faidesi mosamala, anavala magalasi, nayendetsa diso pa ulusi wa pamimba.

"Msoko wabwino," anatero. "Akhale."

Anakhala mpaka kukalamba, wonenepa, waulesi, wosadziwanso mlendo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wa mlongo wanga ali mu giredi folo, koma tsiku lina anatilalikira tonse, foni ili m'manja, kuti mphaka wamkazi azitsekedwa asanayambe n'komwe kulira, mawu onse akuwatchula ndi maina ake. Atate, ndi imvi zawo, anakumbukira mwadzidzidzi kuti panja pali china choti akaone.

Ine mbali yanga ya bilu ya Faidesi inali ya mu minibasi, tsiku lopita kwa dokotala lija. Yokwerera ine anandipatsa amayi, koma kondakitala atamva katoni ikulira anandiuza m'Chibemba kuti chilichonse chopuma chimalipira. Ndinapereka wanu pini, ndiye kuti wanu sauzande kwacha, popita. Pobwera Faidesi anali chikomokere ndi mankhwala, osadziwa n'komwe kuti ali paulendo, koma analipirabe mpando wathunthu. Maphunziro onsewa anandidyera tu pini ya ndalama zakale, imene lero ndi tu kwacha.