Zinziri za m'jekete la atate

Ndikukumbukira chaka chimene kampani ya atate inagulitsidwa. Anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, kapu yawo ya tiyi ya kuntchito ili m'manja, ndipo kuyambira pomwepo anasiya kulankhula. Sindikukokomeza ayi. Ku Chawama konse, komboni yathu, ankadziwa kuti a Zulu, atate angawo, akakuyankha moni, uthamange ukaanule zovala, mvula ikubwera. M'mawa uliwonse ankavala jekete lawo labulauni n'kukhala pampando pakhomo, ngati basi ya kuntchito ingasinthe maganizo.

Inali nyengo yozizira, ya mphepo ya fumbi yolowa mpaka m'mano. Amalume anga, amene ankagwira ntchito pa famu ina ku Makeni, anafika atanyamula chipewa mosamala ngati mbale ya msuzi. M'katimo munali tianapiye ta zinziri tinayi. Moto unali utadutsa m'thengo, make osaonekanso. Kalikonse kanali ngati chala chachikulu chakuphazi, ka mizeremizere kumsana, kopepuka moti ukakaika padzanja unkayenera kuyang'ana kuti utsimikize kuti kalipo. "Ni vako, Tisa," anatero amalume. Ine ndinali ndisanakhalepo ndi kanthu kangakanga, kupatula chipsera cha pabondo.

Koma phokoso lake! Tinatiika m'katoni pakona, ndipo tikayamba kulira, malata ankanjenjemera. Mlaliki wa pamsika anabwera kudzafunsa kumene tinagula sipika. Ndikulumbira, funsani aliyense amene ankakhala mzere wathu.

Mwini nyumba, mayi wamasiye amene tinkamutchula Amake Dorika, ankakhala kuseri kwa chipupa chathu, chipupa chosafika kudenga. Anapirira pang'ono, kenaka anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Bamake Tisa, mutu wanga si ng'oma. Tunyoni utu tukapanda kuleka pofika Sondo, nizabwela na pusi wanga." Mphaka wakeyo ankamudziwa ngakhale agalu, ndipo ankamupatukira.

Tsono m'zaka zimenezo kulira kulikonse tinkati ndi njala. Mwana akalira, njala. Galu akalira, njala. Ngakhale chitseko chikalira tinkachimvera chisoni. Choncho amayi anatapa gaga, kenaka anatapanso ufa weniweni, umene ankauyeza ngati mankhwala a kuchipatala. Ine ndinakumba chiswe mpaka zikhadabo kutha. Tinthu tija tinadya, timimba n'kutupa ngati nthudza, n'kuyambiranso kulira kuposa kale. Amayi anati umenewo ndi mwano: kulira utakhuta, anthu akugona ndi njala m'komboni monse. Pafupi ndi mbaula tianapiyeto tinkakhala chete pang'ono, koma makala anali ophikira, osati othetsera mbalame. Ndikatifumbata m'manja tinkagona, koma munthu sungapite kusukulu manja ali chifumbatire.

Lachisanu ndinabwerako kusukulu ndikuthamanga, ndipo ndili pampopi ndinaima. Kunali zii. Ndinamva mpaka mawu a ntchentche. Ndinalowa m'nyumba, katoni ili pululu, tatsala timadontho ta zitosi basi. Ndinati pusi sanadikire Sondo, tsiku la tchalitchi. Ndinatuluka panja n'kuyamba kulira kulira kwenikweni, kotsegula kukamwa konse.

"Tisa," anatero atate. Ndinacheuka uku ndi uku, chifukwa mawuwo ndinali nditawaiwala. "Leka phokoso, iwe. Vagona."

Anatsegula jekete pang'onopang'ono. M'thumba lam'kati, mmene kale munkakhala bolopeni, munatuluka timitu tinayi, timaso titatsinzina.

Atate, pokhala pakhomo tsiku lonse opanda chochita, ndi okhawo amene anamvetsera. Anandiuza kuti kulira kwautali kuja, kokweza khosi m'mwamba, si njala: ndi kuitana, kwa kamwana kozizidwa kamene sikakuona make. Ka njala kamalira mwachidule kakujomphajompha pansi. Ndipo kakafunda, kamachita kamawu kena. "Bwela umvele," anatero. Ndinaika khutu pachifuwa chawo. Jekete linkanunkha sopo ndi fumbi, ndipo m'katimo munkamveka kaphokoso kofewa, ngati ketulo ikuyamba kutentha kunyumba ya aneba. Pansi pake ndinkamva mtima wa atate. Tsiku limenelo analankhula mawu ambiri moti amayi anagwetsa mthiko, n'kupita kuseri kwa nyumba kukachotsa kanthu m'diso.

Sondo Amake Dorika anabweradi, pusi ali m'khwapa. Anamvetsera, n'kufunsa ngati tatidya. Atate anangotulutsa kamodzi n'kukaika padzanja la mayiwo. Kanazungulira kawiri, n'kulowetsa mutu pakati pa zala, n'kugona. Amake Dorika anaima chiimire, kuopa kupuma. Nyemba zawo zinapserera pamoto tikumva fungo tonse, iwo osasuntha. Pusi anabwerera kwawo yekha, ndipo ndinamuona ndi maso angawa akuyenda mwamanyazi.

Zinziri zinakula zikudziwa kuti make ndi a Zulu. Zinkatsata nsapato zawo pabwalo ponse, moti anaphunzira kuyenda mokhwekhwereza mapazi, ndipo anayenda choncho mpaka ukalamba. Akakhala pansi, zinkakwera pamaondo. Atayamba kupita kukafuna maganyu, Amake Dorika ndi amene ankazisunga m'chitenje, akuzikalipira kuti zisazolowere.

Masiku ano zinziri zili ponseponse, amazigulitsa zososola kale, zitandandalikidwa m'mapulasitiki. Mlamu wanga ku Mtendere amaweta zambirimbiri pansi pa babu, ndipo zimakula bwino, sindinganame. Tsiku lina ndili kumeneko, magetsi atazima, ndinamva kulira kwautali kuja, makosi onse ali m'mwamba. Ndinagwada, n'kulowetsa dzanja m'kholamo. Tianapiye tonse tinathawira pakona, n'kuunjikana, tikunjenjemera. Palibe amene anali atauzapo tianapiyeto kuti dzanja la munthu limafunda.