Mathithi a Alamu ku Chinsapo

Chaka chimene achemwali anga anasiya kudzuka, ine ndinachoka kwathu ku Mulanje kukawadwazika ku Chinsapo. Kuchipatala anali atawabweza kuti akapumire kunyumba, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Iwo ankafuna chinthu chimodzi, kupita kumudzi. Koma thupi lija silikanapirira minibasi ngakhale yofika m'tauni mokha.

Kumudzi sankatchula anthu ayi. Ankatchula mtsinje wa kuseri kwa nyumba ya amayi, umene umatsika m'miyala usana ndi usiku. Ankati m'tauni muno makutu awo auma, akungomva zigayo ndi mawailesi a eni ake.

Alamu anga, amuna awo a achemwaliwo, anali mmisiri womanga nyumba, munthu wosalankhulalankhula. Anali atamangapo dziwe la nsomba ndi timathithi kwa bwana wina ku Area 10. Tsiku lina ndinangoona akukumba kuseri, pansi penipeni pa zenera la wodwala.

"Alamu, dzenje limeneli n'la chiyani?" ndinafunsa.

"Akufuna kumva madzi. Awamva pompano."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ine ndikuchapa nsalu za wodwala, mpopi wa pabwalo ukungotulutsa mphepo masiku ambiri, madzi ndikukasenza ku kiyosiki, munthu wamkulu ndi ndevu zake akusewera ndi miyala. Koma nditawaona mmene ankanyamulira miyalayo pa wilibala kuchokera kudambo, ndinangowaleka.

Anaunjika miyala kufika m'chiuno, pansi n'kuwaka kadziwe. Pampu analibe, ndipo magetsi m'nyumbamo munalibenso. Anati tizithira ndi ndowa pamwamba, madzi akatsikira m'dziwe tizitunganso omwewo. Simenti itauma anandiitana kuti tiyese. Anatsegula zenera, ine ndinakwera pa njerwa n'kupendeketsa ndowa.

Madzi anatsika bwinobwino, osataya dontho pambali. Koma anatsika zii, ngati mafuta ophikira. Alamu anali mmisiri wa pulasitala, wotchuka ndi kusalaza. Khoma lawo ukaligwira umachita ngati wagwira mbale. Dzanja lomwelo linamata mipata yonse ya miyala, n'kusalaza njira ya madzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Madzi analibe pogunda, analibe podumpha.

"Thiraninso," anatero.

Ndinathira. Ndinathira mofulumira, ndinathira pang'onopang'ono, chimodzimodzi. M'nyumba achemwali anangokhosomola.

Alamu anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Kenako anatenga nyundo ndi tchizulo n'kuyamba kugumula ntchito yawo yomwe, kuti miyala itulukenso. Masiku amenewo wodwala, amene ankafuna phokoso la mtsinje, ankamva nyundo kuyambira m'mawa. Ndinkamuona akutsinzina nyundo ikagunda. Ndinawauza alamu kuti asiye, munthuyu mukumupweteka mutu. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, n'kupitiriza. Ndinazindikira kuti akasiya nyundoyo ayenera kulowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi mphasa, ndipo zimenezo ndi zimene sankatha.

Titayesanso, madzi anayamba kulankhula pang'ono. Koma nyundo ija inali itang'ambanso pansi pa dziwe. Ndowa yonse inalowa m'nthaka tikuona, yachiwiri chimodzimodzi. Inatsala imodzi, imene ndinasungira kuwasambitsa achemwali. Ndinaiyang'ana, alamu anaiyang'ananso. Mtima wanga unali utatheratu. Ndinainyamula ndekha, ndinakwera pa njerwa paja, ndinaikweza mpaka pamutu kuti madzi agwe kuchokera patali.

Apo ndiye anamveka. Anagunda miyala, anathovoka, anachita phokoso ndithu. Alamu anathamangira pazenera n'kusuzumira mkati, nkhope ili ngati ya mwana wodikira kuyamikiridwa.

"Mayi, mwamva?" anafunsa.

Achemwali anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Mawu awo anali atachepa kwambiri, koma ndinawamva ndili panja.

"Ndamva, bambo. Madzi abwera. Uzani wina atseke mpopiwo, akungotayika."

Alamu anayankha kuti chabwino, atseka. Anachoka pazenerapo n'kukakhala pa wilibala, kuyang'ana kumpanda. Ine ndinatenga ndowa zanga kubwerera ku kiyosiki, poti wodwala anali asanasambe.