Moni wa Tadala kwa azakhali ake

Ndinaganiza zochoka ku Ntcheu chaka chimene sitolo ya feteleza yomwe ndinkagwirako ntchito inatsekedwa. Achemwali anga a Nachisale, amene anandilera, sananditsutse. Anangondikazingira mtedza wa panjira.

Ku Glasgow ndinapeza ntchito yosamalira okalamba. Ndinkakhala ku Sighthill, pamwamba pa nyumba zosanja zimene pano anazigwetsa. Kukachita nkhungu mzinda wonse unkasowa pansi panga, n'kutsala magetsi okha akuyandama. Ndalama ndinkatumiza kumudzi, koma kusungulumwa sindinkakutchula pafoni. Mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala atanditsatira, m'pamene ndinayamba kugona tulo.

Tadala anakulira komweko, Chingerezi chake n'kukhala cha m'mabasi a ku Dennistoun. Atamaliza sekondale anatiuza kuti sadzimva kukhala mtsikana, komanso si mnyamata. Ali pakati, ndipo ndi pomwe akufuna kukhala. Ine ndinangovala jekete n'kupita kuntchito.

Patapita nthawi anayamba kupita kuchipatala, kwa mayi wina wothandiza anthu pa za mawu, ndipo tsiku lina anandipempha kuti ndimuperekeze. Mayiyo anamujambula mawu akuwerenga, akucheza, akukoka mawu kuchokera pansi mpaka pamwamba. Sanamufunse ngati akufuna mawu achimuna kapena achikazi. Anamufunsa kuti ndi pati pamene mawu ake amamuthawa. Tadala anati m'sitolo ndi pabasi zayamba kuyenda bwino, koma akamapereka moni kwa azakhali ake a Nachisale pafoni, mawu amachepa okha n'kukwera ngati a kamtsikana kogwada pakhomo, pakhosi n'kutsala pakuwawa. Ankaopa kuti akawatsitsa, kumudzi adzamva mwano.

Mayiyo anatiuza kuti tipatsane moni m'Chichewa, iye akumvetsera atatsinzina. Kenako anandifunsa kuti kwathu ulemu umakhala pati m'mawu. Ndinali ndisanaganizepo. Ndinaona khonde lathu m'mawa, mame asanaume, anthu akuomba m'manja pang'onopang'ono. Ndinati umakhala m'kusafulumira: kudikira wamkulu amalize, kufunsa za aliyense wa pakhomo, kufewetsa mawu. Iye anati kufewa ndi kukwera n'zosiyana, ndipo Tadala angaphunzire kuzilekanitsa. Nyengo yozizira yonse tinkayeserera kukhitchini, ine ndikukhala azakhali, mayi ake akutiseka.

Msana utayamba kukana ntchito, ndinabwerera kumudzi. Mkazi wanga anatsala kaye, koma Tadala anandiperekeza. A Nachisale anali atasiya kuona, ankazindikira anthu ndi mawu okha. Msewu wonse kuchokera ku Lilongwe ndinkadziwa chomwe Tadala akuopa: kuti azakhali ake amufunsa kuti ndiwe yani.

Tinawapeza pamkeka, akusenda nyemba. Tadala anakhala pansi, n'kuomba m'manja, n'kupereka moni ndi mawu aja a kukhitchini, ofewa, otsika pang'ono.

"Kodi ndi chimfine?" anafunsa a Nachisale.

"Ayi azakhali. Ndi mawu anga."

A Nachisale anaika nyemba pansi. Ena pakhonde ankayang'ana Tadala, thalauzi ndi mutu wometa. Mwana wamkulu wa a Nachisale ananyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo mpaka lero satchula dzina la Tadala.

"Sendera kuno," anatero a Nachisale. Anamuika dzanja pakhosi n'kumuuza kuti alankhulenso. Tadala anafunsa za miyendo yawo, za mbuzi, za zidzukulu mmodzimmodzi, akudikira yankho lililonse. Dzanja lija silinachoke mpaka atamaliza.

"Ndiye uziimba foni kawirikawiri, makutuwa azolowere. Moni umautha. Atate akowa wawo ndi wa padepoti."

Tadala anabwerera ku Glasgow. Ine ndinatsala, ndikuphunziranso kukhala pansi ndisanalankhule. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kwathu kuli pakamwa pamodzi, pamene padzatilandira kapena kutikana. Ndapeza kuti pakhonde limodzi wina amapita kuseri, wina amatchera khutu. Lamlungu masana foni yochokera kwa Tadala ikalira, a Nachisale amandiuza kuti ndiitseke wailesi, n'kuisendeza foniyo pakhutu lawo labwino.